Chikho cha handball cha makalabu a mu Africa: bwanji chimangozungulira kumpoto?

Kumayambiriro kwa Okutobala mu 2024, timu ya handball ya amuna ya Al Ahly ya ku Cairo inachita zomwe ambiri sankayembekezera. Pa mpikisano wa makalabu a dziko lonse womwe unachitikira ku Egypt, inagonjetsa Barcelona ndi zigoli 32 kwa 29 pa nthawi yowonjezera, n'kutenga malo achitatu. Barcelona imeneyi inali itangotenga kumene chikho cha makalabu a ku Ulaya mu Juni chaka chomwecho. Pasanapite nthawi yaitali, Al Ahly inakwera ndege kupita ku Laayoune, mzinda wa ku Western Sahara, kukateteza chikho cha mu Africa, ndipo m'ndime yomaliza inakumana ndi Flowers ya ku Benin. Palibe amene anasowa tulo poganizira kuti apambane ndani. Chikho chinabwerera ku Cairo.

Umu ndi mmene mpikisano wa African Handball Champions League ulili masiku ano. Pamwamba pali matimu awiri kapena atatu omwe tsiku likawayendera bwino angathe kugwetsa akatswiri a ku Ulaya. Pansi pawo pali ena onse, omwe amabwera akudziwa kale kuti nkhondo yawo ndi yolimbirana malo achitatu kapena achisanu. Mpata umenewu sunangogwa kumwamba. Unakumbidwa ndi mbiri ya makalabuwo, ndi komwe ndalama zawo zimachokera, komanso ndi mmene mpikisanowo unakonzedwera.

Poyamba, masewerowo

Kwathu kuno munthu akamva za mpira woponya ndi manja, maganizo amathamangira ku ntchemberembaye. Handball ndi ina. Ili ndi magolo awiri okhala ndi ukonde, aliwonse mamita atatu m'lifupi ndi mamita awiri kutalika, ndipo pagolo pamaima goloboyi. Bwalo lake ndi la mamita 40 m'litali ndi 20 m'lifupi. Timu iliyonse imalowetsa anthu asanu ndi awiri, goloboyi ali momwemo, ndipo amasewera zigawo ziwiri za mphindi 30. Wosewera amaloledwa kuyenda masitepe atatu mpira uli m'manja, kapena kuugwira kwa masekondi atatu, kupitirira apo audunditse pansi, apatsire mnzake kapena aponyere kugolo. Kutsogolo kwa golo kuli mzere wokhota womwe uli pa mtunda wa mamita asanu ndi limodzi, ndipo m'kati mwake mumaponda goloboyi yekha. N'chifukwa chake mumaona osewera akudumphira m'dera loletsedwalo, n'kuponya mpira ali m'malere asanatere. Penate imaponyedwa pa mamita asanu ndi awiri. Wochita nkhanza amatulutsidwa kwa mphindi ziwiri, timu yake n'kutsala yoperewera.

Zigoli zimachuluka. Masewero a matimu ofanana mphamvu amatha pa 28 kwa 27 kapena 31 kwa 30, ndipo timu ikapambana ndi zigoli khumi ndiye kuti inzakeyo yakwapulidwa ndithu. Lamulo lina lofunika kulisunga m'mutu ndi la kusintha osewera. Timu imalembetsa anthu 16, ndipo mphunzitsi amatha kulowetsa ndi kutulutsa aliyense nthawi ina iliyonse, kangati konse, osapempha kwa woyimbira. Lamuloli limakomera timu yomwe ili ndi osewera abwino 16 kuposa yomwe ili ndi asanu ndi awiri okha.

Zikho zitatu za bungwe limodzi

Bungwe loyendetsa handball mu Africa limadziwika ndi dzina lachidule la Chifalansa lakuti CAHB. Linakhazikitsidwa mu 1973 ku Lagos pa nthawi ya masewera a All-Africa Games, ndipo likulu lake lili ku Abidjan. Mmodzi mwa atsogoleri ake akale anali Babacar Fall wa ku Senegal, ndipo mu 2008 linapita m'manja mwa Mansourou Aremou wa ku Benin. Limayendetsa zikho zitatu za makalabu. Champions League, yomwe inayamba mu 1979, ndiyo yaikulu, ndipo cholinga chake n'kukumanitsa akatswiri a maligi a m'maiko. Cup Winners' Cup inayamba mu 1985, ya matimu omwe atenga zikho zakwawo. Super Cup, yomwe inapatsidwa dzina la Babacar Fall, inabwera mu 1994 kuti opambana zikho ziwirizo aonane.

Amene anazolowera Champions League ya mpira wamiyendo ayenera kuiwala kaye zomwe akudziwa. Kuno kulibe zoti lero musewere pakhomo, sabata yamawa koyenda. Matimu onse amasonkhana mumzinda umodzi, kawirikawiri mu Okutobala, ndipo zonse zimatha m'masiku pafupifupi khumi. Amuna ndi akazi amasewera mumzinda womwewo pa nthawi imodzi, aliyense chikho chake. Amayamba ndi magulu, kenako ndime yochotsana mpaka yomaliza, ndipo ngakhale ogonja amapitiriza kusewera kuti adziwe yemwe ali wachisanu kapena wachisanu ndi chiwiri. Mzinda umasinthasintha: Kaduna mu 2011, Tangier mu 2012, Ouagadougou mu 2016, Abidjan mu 2018, Praia mu 2019, Brazzaville mu 2023. Mu 2020 mpikisano sunachitike chifukwa cha Covid-19, ndipo mu 2021 sunachitikenso.

Chifukwa chokonzera chonchi n'chosabisika. Ulendo wa pandege mu Africa muno ndi wodula, ndipo nthawi zina kuchoka mumzinda wina kupita wina umayenera kudzera ku Addis Ababa, ku Casablanca ngakhale ku Paris. Handball ilibe ndalama za wailesi yakanema zoti n'kulipirira timu maulendo asanu ndi limodzi pa chaka. Ulendo umodzi, hotela imodzi, basi. Ndi nzeru yabwino, ndipo popanda iyo mpikisanowu ukanafa kalekale. Koma ili ndi mtengo wake.

Choyamba, amene amabwera si akatswiri onse a mu Africa, koma okhawo omwe apeza ndalama za ulendo ndi zogonera. Chaka china matimu amachuluka, chaka china amachepa, ndipo dziko lomwe likuchititsa mpikisano limatha kulowetsa matimu angapo. Mpikisano ukachitikira ku Morocco mumaona matimu ambiri a ku Morocco. Ukapita ku Brazzaville, a ku Congo ziwiri zija ndi Cameroon amadzaza. Nthawi zina ngakhale matimu akuluakulu a kumpoto sabwera onse, ndipo ndi zaka zoterozo pomwe timu ngati JSK ya ku Kinshasa, yomwe inafika m'ndime yomaliza mu 2023, imapeza njira. Makalabu a mpira wamiyendo akwathu amalidziwa vutoli, poti nawonso akhala akuwerengetsera kaye thumba asanalembetse ku CAF.

Chachiwiri ndi kutopa. Masewero asanu ndi limodzi kapena asanu ndi awiri m'masiku khumi, pa masewera omwe anthu amagundana zifuwa ndi kugwa pansi mphindi iliyonse, si nkhambakamwa. Apa ndi pomwe lamulo la kusintha osewera limaluma. Al Ahly kapena Zamalek imatha kupumitsa akatswiri ake m'masewero a m'magulu, n'kuwatulutsa ali ndi mphamvu zonse m'ndime ya matimu anayi. Timu yodalira anyamata atatu odziwa kuponya imafika pa tsiku lachisanu ndi chiwiri mapewa atatha. Kawirikawiri chigawo choyamba chimaoneka cholimbirana, kusiyana kuli zigoli ziwiri kapena zitatu, koma mphindi 15 zomaliza zimaulula zonse.

Chachitatu n'chomwe chimandidandaulitsa kwambiri. Pa mpira wamiyendo, timu yaing'ono ili ndi chida chimodzi chomwe wamkulu amachiopa, chomwe ndi bwalo lakwawo. TP Mazembe ku Lubumbashi ndi nyama ina. Mu handball ya makalabu mu Africa chida chimenecho chinachotsedwa. Ochemerera a timu ya ku Cotonou kapena ku Yaoundé angathe kukalamba asanaonepo Zamalek ikusewera mumzinda wawo, pokhapokha dziko lawo litavomera kusenza katundu wochititsa mpikisano wonse. Ndipo mwana amene sanaonepo akatswiri ndi maso ake sakhumbira kukhala mmodzi wa iwo.

Mafumu atatu a chikhochi

Mbiri ya chikhochi ingathe kugawidwa m'nyengo zingapo. Zamalek ndiyo inatsegula, n'kutenga zikho zitatu zoyambirira, mu 1979, 1980 ndi 1981. Kenako kunabwera zaka zomwe chikho chinkayendayenda, ndipo matimu a kum'mwera kwa chipululu cha Sahara ankalawako.

Nyengo yochititsa mantha inayamba mu 1997. Mouloudia ya ku Algiers inatenga chikho kanayi motsatizana mpaka 2000, Zamalek n'kuidula mu 2001 ndi 2002, iyo n'kubweranso ndi zina zinayi kuchokera 2003 mpaka 2006, kenako 2008 ndi 2009. Zikho khumi m'zaka 13. Pamodzi ndi cha mu 1983, inafikitsa 11. Kumbuyo kwa timuyi kunali Sonatrach, kampani ya boma ya mafuta ndi gasi. Mu 1977 boma la Algeria linakonzanso masewera m'dzikomo n'kumangirira makalabu akuluakulu ku makampani a boma, ndipo Mouloudia inagwera m'manja mwa kampani yolemera koposa onse. Osewera anali ndi malipiro odalirika pa nthawi yomwe anzawo ambiri mu Africa ankasewera akaweruka kuntchito. Mu 2008 timu ya handball inasintha dzina n'kukhala GS Pétroliers, choncho mukaona maina awiriwa pa mndandanda wa opambana, dziwani kuti ndi nyumba imodzi.

Chaka chokhacho chomwe chikho chinawoloka chipululu m'nyengo imeneyi ndi 2007, pomwe Primeiro de Agosto ya ku Luanda inapambana ku Cotonou. Kuchokera pamenepo mpaka 2024, palibenso timu ya kum'mwera kwa Sahara yomwe inachigwira.

Algeria itazilala, malo anatsala a Egypt ndi Tunisia. Pa mipikisano 13 yomwe inachitika kuchokera 2010 mpaka 2024, matimu a ku Tunisia anatenga inayi: Étoile du Sahel mu 2010, Espérance mu 2013 ndi 2022, Club Africain mu 2014. Isanu ndi inayi yotsalayo inapita ku Cairo. Zamalek inatenga mu 2011, 2015, kenako katatu motsatizana kuchokera 2017 mpaka 2019, pomwe inafikitsa zikho 12 n'kudumpha Mouloudia. Al Ahly inatenga mu 2012, 2016, 2023 ndi 2024.

Mukayang'anitsitsa mainawa muona kuti onse ndi odziwika kale pa mpira wamiyendo, ndipo chinsinsi chagona pamenepo. Al Ahly inakhazikitsidwa mu 1907, Zamalek mu 1911, Espérance mu 1919, Club Africain mu 1920, Mouloudia mu 1921, Étoile mu 1925. Awa si matimu a mpira chabe. Ndi mabungwe a masewera osiyanasiyana okhala ndi mabwalo awoawo, maholo, madotolo ndi magulu a ana a misinkhu yonse. Ku Cairo, mabanja amalipira umembala wa kalabu n'kumapita kumeneko madzulo ndi ana awo, wina kukasambira, wina ku basketball, wina ku handball. Mwana wamtali wa zaka khumi amaonedwa msanga ndi mphunzitsi, ndipo akamafika zaka 18 amakhala ataponya mpira kwa zaka zisanu ndi zitatu m'holo yeniyeni. Timu ya handball imadyanso nawo ulemerero wa yunifomu. Al Ahly ndi Zamalek zikakumana pa handball, udani wake ndi womwe uja wa pa mpira wamiyendo, ndipo mkulu wa kalabu amene angalole kugonja kwa mnansi chaka ndi chaka sakhalitsa pampando. Mpikisano wa pakhomo umenewu ndi umene umakakamiza onse awiri kugula osewera ndi kulemba aphunzitsi apamwamba.

Kum'mwera kwa Sahara matimu olimba amadalira njira ina, ya asilikali, apolisi kapena kampani ya boma. Primeiro de Agosto ndi ya asilikali a ku Angola. FAP ya ku Yaoundé ndi ya asilikali ndi apolisi a ku Cameroon. Njirayi imapatsa wosewera ntchito ndi chakudya, koma siimanga magulu a ana ngati a ku Cairo, ndipo ikasintha bajeti ya boma timu imagwa nayo limodzi. Ku Angola nkhani yake ndi yodabwitsa pang'ono, chifukwa kumeneko mphamvu zinapita kwa akazi. Petro de Luanda ndi Primeiro de Agosto zalamulira chikho cha akazi kwa zaka zambiri monga momwe Cairo ikulamulira cha amuna. Izi zokha zikusonyeza kuti nkhani si ya mtundu wa anthu kapena kutalika kwa msinkhu, koma komwe dziko lasankha kuthira ndalama zake.

Maholo ndi aphunzitsi

Handball ya pamwamba imaseweredwa m'nyumba, pansi posalala, ndipo osewera amapaka ulimbo wapadera m'zala kuti mpira uwamvere. Wosewera wa m'mbali amadumpha n'kutera chogona, wapakati amagwetsedwa kangapo pa masewero amodzi. Pa simenti ya panja munthu sangaphunzire zimenezi mopanda mantha, poti khungu ndi mawondo sizilola. Maiko ambiri a kum'mwera amasewerabe maligi awo pa mabwalo a simenti, dzuwa likuswa mtengo, ndiye akafika m'holo ku Hammamet, ku Tunisia, amakhala akusewera masewera ena osati omwe anazolowera.

Kumpoto maholo anabwera ndi mipikisano ya dziko lonse. Egypt inachititsa mpikisano wa matimu a maiko mu 1999, Tunisia mu 2005 pomwe inamanga holo yaikulu ya ku Radès, ndipo Egypt inabwerezanso mu 2021 m'maholo anayi, atatu a iwo atsopano. Imodzi mwa maholowo, ya mumzinda wa 6th of October, inapatsidwa dzina la Hassan Moustafa, mbadwa ya ku Egypt yomwe inasankhidwa kukhala mtsogoleri wa bungwe la handball la dziko lonse, IHF, mu 2000 n'kukhalapo zaka zoposa makumi awiri. Kukhala ndi munthu wako pa mpando wotero sikugoletsa chigoli, koma sikuvulazanso.

Zotsatira zake zimaoneka pa matimu a maiko. Egypt inatenga chikho cha dziko lonse cha achinyamata osapitirira zaka 21 mu 1993, ndi cha osapitirira zaka 19 mu 2019. Akuluakulu awo anathera pa nambala 4 pa dziko lonse mu 2001, Tunisia n'kuchita chimodzimodzi mu 2005. Pa Olympics ya ku Tokyo, Egypt inafika m'ndime ya matimu anayi. Mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo Aigupto sanachite manyazi kukatenga aphunzitsi ku Spain. Roberto García Parrondo anatenga timu ya dzikolo mu 2019, chaka chomwe anapambana chikho cha ku Ulaya ndi Vardar ya ku Skopje, ndipo atachoka malo ake analowa Juan Carlos Pastor. Kaseweredwe ka ku Spain kolimba kumbuyo n'kuthamanga msanga mpira ukalandidwa kanalowerera mpaka m'makalabu.

Chikho chomwe sichikupatsa tikiti

Pali kachinthu kena komwe kamasokoneza ngakhale otsatira masewerawa. Munthu angaganize kuti wopambana Champions League ndiye amaimira Africa pa mpikisano wa makalabu a dziko lonse. Ayi. Tikiti imeneyo imatuluka mu Super Cup. Timu yomwe yatenga Champions League mu Okutobala imadikira mpaka cha mu Epulo kapena Meyi chaka chotsatira kuti ikasewere Super Cup, yomwe imachitika Cup Winners' Cup itatsala pang'ono kuyamba, mumzinda womwewo. Ikagonja pamenepo, thukuta lonse la mu Okutobala limathera m'kabati ya zikho, ulendo wa dziko lonse n'kupita kwa ina. Ndipo poti matimu akuluakulu ndi omwewo, Super Cup nthawi zambiri imasanduka nkhondo ya Al Ahly ndi Zamalek, kapena mmodzi wa iwo ndi timu ya ku Tunisia.

Mpikisano wa dziko lonsewo unkatchedwa Super Globe. Unayamba mu 1997 ku Vienna, unakhazikika ku Doha kuchokera 2010 mpaka 2018, n'kusamukira ku Saudi Arabia mu 2019, kenako ku Egypt mu 2024 pomwe unasinthanso dzina. Kwa makalabu a ku Cairo, uwu ndiwo mpikisano womwe umawasonyeza msinkhu wawo weniweni, chifukwa ndi malo okhawo omwe amakumana ndi Barcelona, Magdeburg kapena Veszprém pa masewero enieni. Ndiponso ndi msika. Maso a makalabu a ku Ulaya amakhala pamenepo.

Apa pali vuto lomwe akatswiri a kumpotowo amalimva okha. Ku Ulaya, mu 2020 Champions League inayamba kukhala ndi matimu 16 m'magulu awiri, iliyonse kusewera masewero 14 a m'gulu, pakhomo ndi koyenda, kuchokera Seputembala, mpaka anayi otsala kukakumana ku Cologne, monga zakhalira kuyambira 2010. Wosewera wa Kiel kapena Barcelona amakumana ndi timu yoopsa pafupifupi sabata iliyonse. Wa Zamalek amapeza masewero otero mwina asanu pa chaka. Choncho amene wafika pachimake amachoka. Yahia Omar ndi Yehia El-Deraa anachoka ku Zamalek kupita ku Veszprém ya ku Hungary. Ali Zein, yemwe anatchukira ku Al Ahly, anatenga chikho cha ku Ulaya ndi Barcelona mu 2022, monga anachitira Wael Jallouz wa ku Tunisia mu 2015. Otsala kwawo nthawi yaitali ngati Ahmed El-Ahmar, wamanzere amene dzina lake linamatirira pa zikho za Zamalek za m'zaka za m'ma 2010, akucheperachepera. Chodabwitsa n'chakuti makalabu a ku Cairo amataya akatswiri otere koma osagwa, poti kumbuyo kumakhala kukubwera ena. Tunisia, yomwe makalabu ake akhala akulimbana ndi mavuto a ndalama, yavutika kwambiri kutseka mipata yotero.

Kum'mwera nkhani ya kuchokayi ndi yowawa kuposa pamenepa, chifukwa osewera amachoka kalabu yakwawo isanapindule nawo, ndipo ena sanasewerepo n'komwe kwawoko. Cape Verde inafika m'ndime yomaliza ya chikho cha matimu a maiko a mu Africa mu 2022, koma ambiri mwa anyamata ake ankasewera ku Portugal ndi maiko ena a ku Ulaya. Timu ya DR Congo yomwe inasangalatsa anthu pa mpikisano wa dziko lonse mu 2021, kuphatikizapo Gauthier Mvumbi wathupi lalikulu uja, inadalira kwambiri osewera a m'maligi a ku France. Ndiye timu ya dziko imatha kukwera, makalabu a m'dzikomo ali pomwepo. Amene amayeza mphamvu za handball ya dziko poyang'ana chikho cha makalabu chokha angasochere.

Ndale nazo zimalowerera. Laayoune, komwe mpikisano wa 2024 unachitikira, ili ku Western Sahara, dera lomwe Morocco imalilamulira koma ena, kuphatikizapo Algeria, savomereza kuti ndi lake. Chikho cha matimu a maiko cha 2022 chinayenera kuchitikira ku Laayoune ndi Guelmim, koma mkangano wa maiko awiriwa utakula chinasamutsidwira ku Egypt. Mpikisano wa mzinda umodzi uli ndi kufooka kumeneku: kusankha malo kokha kungathe kuchotsa dziko lonse lamphamvu pa mndandanda mpira usanaponyedwe. CAHB nayo ilibe mwayi wosankha kwambiri, chifukwa maiko ofuna kusenza ndalama za mpikisano ndi ochepa, ndipo omwe amadzipereka kawirikawiri ndi Morocco, Egypt, Tunisia ndi maiko angapo olankhula Chifalansa.

Nanga chigawo chathu chino?

Kupatula Angola, kum'mwera kwa Africa kuli zii pa chikhochi. Mukawerenga mizinda yomwe yachititsa mpikisano muona kuti pafupifupi yonse ili kumpoto, kumadzulo ndi pakati. Handball inafalikira kwambiri m'maiko omwe ankalamulidwa ndi France ndi Portugal, komwe inalowa kudzera m'masukulu. Angelezi anatisiyira ntchemberembaye, cricket ndi rugby, ndipo kwawo komweko handball ndi masewera aang'ono mpaka lero. Nigeria ndi Egypt ndi zomwe zinapatuka pa njira imeneyi.

Zambia yayesetsa. Timu yake ya amuna inasewera nawo chikho cha maiko a mu Africa mu 2020 ku Tunisia komanso mu 2022 ku Egypt. Inagonja kwambiri kwa akuluakulu, monga zimakhalira kwa aliyense woyamba, koma inafika. Kutumiza timu ya dziko kamodzi pa zaka ziwiri n'kosavuta poyerekeza ndi kutumiza kalabu chaka chilichonse, chifukwa timu ya dziko ingathe kupempha boma, pomwe kalabu iyenera kupeza yokha ndalama za matikiti a anthu pafupifupi 20 opita ku Casablanca kapena ku Cairo, kuti ikagonje ndi zigoli 20 pa masewero oyamba. Mkulu wa kampani amene angasainire cheke chotero ndi wosowa.

Anthu ena amati njira yake n'kusintha mpikisano kuti ukhale wa pakhomo ndi koyenda ngati wa ku Ulaya. Ine sindikuona kuti zingatheke panopa, poti matimu omwe akulephera ulendo umodzi sangakwanitse asanu. Chomwe chili pafupi ndi kulimbitsa mipikisano ya m'zigawo. CAHB inagawa kale Africa m'zigawo, ndipo kum'mawa makalabu a ku Kenya, Uganda, Rwanda ndi Tanzania amakhala ndi mpikisano wawo womwe matimu amatha kupitako pa basi. Wopambana m'chigawo atamapatsidwa malo otsimikizika mu Champions League, pamodzi ndi thandizo la ulendo, mndandanda wa matimu ukanamadziwika ndi zomwe zachitika pabwalo, osati ndi yemwe wapeza matikiti. Sizikanalanda chikho ku Cairo. Zikanangochititsa kuti timu ya ku Lusaka kapena ku Maputo izikhala ndi chifukwa chokonzekera chaka chonse, ndipo ikafika kumeneko izipeza anzake a msinkhu wake woti ilimbane nawo pa malo achisanu ndi chiwiri.

Wofuna kuonera mpikisanowu asataye nthawi ndi masewero a m'magulu pomwe Al Ahly ikukumana ndi timu yomwe yangofika dzulo. Adikire ndime ya matimu anayi, makamaka chaka chomwe Zamalek, Al Ahly ndi Espérance zabwera zonse, monga mu 2022 ku Hammamet pomwe Espérance inagwetsa Zamalek m'ndime yomaliza pamaso pa anthu akwawo. Masewero a malo achitatu nawo asawaphonye, chifukwa zaka zambiri ndi pamenepo pomwe matimu a ku Cameroon, Congo, Benin ndi Morocco amaponyera mphamvu zawo zonse.